Mbale 64 pa bwalo la mpira: ulendo wanga wa ku Mulanje

Lolemba, Limbe mpaka Luchenza

Ndafika pa siteji ku Limbe 7 koloko isanakwane, koma minibasi yanyamuka 10 koloko itadutsa. Oitanira anandilumbirira kuti kwatsala anthu awiri okha. Nditakhala pansi m'pamene ndinazindikira kuti atatu mwa anthu amene ndinawapeza m'katimo anali anzawo omwe, ongodzazitsa mipando. Pasinjala weniweni akakwera, mmodzi wa iwo ankatsika mwakachetechete. Kondakitala anayambira pa K9,000 mpaka ku Luchenza, ati chifukwa cha thumba langa, koma tinamvana pa K7,000 nditalonjeza kuti ndilifungatira pamiyendo.

M'thumbamo muli timbale ta ndiwo tapulasitiki 40, tepi yoyezera ya amisiri omanga nyumba, mpukutu wa chingwe ndi mapepala angapo. Mnzanga amene tinaphunzira naye za uphunzitsi ali pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Likhubula, ndipo ndiye amayang'anira kalabu ya sayansi. Tinapangana kalekale kuti tidzayale MeerKAT pa bwalo la mpira la pasukulu pawo. Kwa amene simunaimvepo, MeerKAT ndi telesikopu ya ku South Africa, koma musaganize za chipangizo choti munthu n'kusuzumiramo ndi diso. Ndi madishi 64, lililonse mamita 13.5 m'mimba mwake, oimikidwa m'chipululu cha Karoo, makilomita pafupifupi 90 kuchokera m'tauni ya Carnarvon. Anaitsegulira mu July 2018. Ntchito ya madishiwo ndi kutchera khutu ku mafunde a wailesi ochokera kuthambo, ofooka kwambiri, ndipo kompyuta imaphatikiza zimene onse amva n'kutulutsa chithunzi chimodzi. Kuyambira tsiku limene ndinaona mapu ake, chimene chakhala chikundizungulira m'mutu ndi malo amene dishi lililonse linaimikidwa. Anasankha bwanji?

Mayi amene ndinakhala nawo pampando anasisita thumba lija nati, "Achimwene, kuli chinkhoswe kodi?" Nditawafotokozera anaseka, kenaka anafunsa funso limene akatswiri enieni analimbana nalo zaka zambiri: "Nanga osangopanga chidishi chimodzi chachikulu bwanji, m'malo movutika ndi tambirimbiri?" Ndinawauza kuti anayesa. Ku China kuli la mamita 500 limene analigoneka m'chigwa pakati pa mapiri n'kulimaliza mu 2016, ndipo silingatembenuzidwe ngati dishi la TV. La ku Arecibo, ku Puerto Rico, la mamita 305, linaphwasuka mu December 2020. Tsono kuti dishi limodzi lione mwakuthwa ngati MeerKAT, liyenera kutambalala makilomita 8. Chitsulo chake chiti? Tinafika pa Bvumbwe ndisanamalize. Anatsika, ndipo galimoto ikunyamuka anandiponyera manachesi atatu pawindo. "Mudye m'njira, aphunzitsi."

Kuyambira tisanafike pa boma la Thyolo mpaka kutsetsereka kulowera ku Luchenza maso anga anali pa tiyi. Ino ndi nyengo yodulira, ndiye minda ina yangotsala zitsa zotuwa, mizere yake ikuonekera bwinobwino, chitsa chilichonse mtunda wofanana ndi chinzake. Ife tinakula tikudziwa kuti chinthu chokonzedwa bwino chimakhala pamzere: mapando a chimanga, madesiki, ana pa asembule. Ndikudziwiratu kuti ana aja ndikawapatsa mbale adzaziyala ngati tiyi ameneyu, ndipo ndikufuna adzatero kaye.

Luchenza, usiku

Ndikugona kwa azakhali. Chamadzulo ndinapita kukaongola miyendo cha ku njanji, ndipo inandikumbutsa telesikopu ina yotchedwa Very Large Array ya ku New Mexico, ku America, imene anaitsegulira mu 1980. Ili ndi madishi 27 a mamita 25, lililonse lolemera matani oposa 200, ndipo amasunthidwa pa njanji yoyalidwa ngati mphanda ya legeni, nthambi zitatu. Pakatha miyezi ingapo chigalimoto chapadera chimanyamula dishi limodzilimodzi n'kukalikhazika pena. Akawabalalitsa mpaka kumapeto, awiri otalikirana kwambiri amakhala pa mtunda wa makilomita 36, kuposa kutalika kwa phiri lonse la Mulanje. Akawasonkhanitsa pakati, onse amakwana mkati mwa kilomita imodzi. Madishi omwewo, thambo lomwelo, koma chithunzi chimatuluka china. Ndinaima pakati pa zitsulo ziwirizo ndikuyerekeza chinthu chachitali ngati nyumba yosanja chikubwera pang'onopang'ono kuchokera ku Limbe.

Magetsi anathima tili pakati pa nsima ya nandolo ndi chigwada. Ndatopa, msana ukuwawa chifukwa cha thumba lija. Azakhali andifunditsa mabulangete awiri, akuti kumene ndikupitako kukuzizira kuposa kuno.

Lachiwiri, Chitakale ndi njira ya ku Likhubula

Kwacha ndi chiperoni. Phiri silikuoneka n'komwe, ngati wina walichotsa usiku. Pa Chitakale ndinazungulira m'mashopu kufunafuna timbale 24 totsala, koma mtengo wake unali pafupifupi kuwirikiza wa ku Limbe, ndiye ndinasiya. Ndinamwa tiyi wa mkaka ndi sikono m'tiyirumu ina ndikudikira kuti mvula yowazayo ilekeze. Siinaleke.

Ndinakwera njinga yamoto, K4,000. Pa tala tinayenda bwino. Vuto linayamba titapatukira mu msewu wadothi wopita kwa mnzangayo, chifukwa dothi lofiira la kuno likanyowa limaterera ngati therere. Kunena zoona ndinachita mantha. Ndinagwira jekete la mnyamatayo mpaka zala kuchita dzanzi, ndikupemphera chamumtima, thayala lakumbuyo likuvina uku ndi uku. Pa chitunda china tinadumpha pa mwala, thumba lija linang'ambika kunsi, mbale zonse khuthu pamsewu.

Nditatsika miyendo inali kunjenjemera, koma sindinathamangire kutola. Mbale zambiri zinali zitaunjikana pomwe thumba linang'ambikira. Zina zinagubuduzika pang'ono. Zitatu kapena zinayi zinathamanga mpaka m'ngalande ndi m'munda wa chinangwa wa eni. Umu ndi momwe mapu a MeerKAT amaonekera munthu ukawaona koyamba: madishi 48 othinana pakati, mkati mwa dera la kilomita imodzi, ndipo 16 otsalawo omwazikana kunja, akamatalikira n'kumachepa, mpaka awiri a kumapeto kutalikirana makilomita 8. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Karoo dishi lililonse anachita kuliwerengera malo ake, ngakhale limene likuoneka ngati langotayika lokha.

Amayi atatu ochokera ku nkhuni anatula mitolo yawo, mitolo yoti ine sindingainyamule ngakhale theka, n'kuyamba kunditolera mbale m'matope. Mmodzi analowa m'chinangwa muja chitenje chikunyowa. Ziwiri zinasweka, zatsala 38. Kutsogolo pang'ono telala wina wa pakhonde anandisokera thumba ndipo anakana ndalama. "Ndinu mlendo wa aphunzitsi athu, bambo. Pitani mukaothe moto."

Lachitatu, kwa mnzanga

Chiperoni chikadalipo, ndiye za pabwalo tazikankhira mawa. M'mawa wonse ndayenda ndi alamu khomo ndi khomo kubwereka timbale 26. Mayi aliyense ankayamba waika chizindikiro pa take, wina kukanda ndi msomali kunsi, wina kudontheza utoto wa zikhadabo. Pakhomo pena tinapatsidwa thobwa lotentha, pena mbatata yootcha, ndipo sitinachoke pakhomo lililonse tisanafotokoze kuti mbale za ndiwo zikukachita chiyani ku mpira.

Masana tinakhala pakhonde ndi mnzanga tikukonzekera. Iye amaphunzitsa bayoloje makamaka, ndipo anandiuza mosabisa kuti sakumvetsa chifukwa chake mpata wa pakati pa madishi uli nkhani yaikulu chonchi. Pabwalo panali chithaphwi chachikulu. Ndinazika timitengo tiwiri m'mbali imodzi, motalikirana chikhatho chimodzi, n'kumuuza kuti adontheze kamwala tsidya linalo. Kamwala kakagwa kutsogolo kwenikweni, mafunde amafika pa timitengo tonse nthawi imodzi. Kakagwa chakumbali, amayamba kugunda kamodzi, kenako kanzake. Kuchedwa kumeneku ndiko kumaulula kumene mafunde achokera, monga momwe makutu athu awiri amadziwira kuti tambala akulira chakumanzere. Tsono timitengo tili pafupi, iye ankati akasuntha pogwetsera kamwala pang'ono, ife osaona kusintha kulikonse. Nditazula kamodzi n'kukazika patali ngati mkono wonse, kusuntha kochepa komweko kunayamba kuonekera. Anakhala chete atanjuta pa chithaphwipo, kenaka anati, "Ndiye kuti chimene chikuona ndi mpatawo."

N'zoonadi. Kompyuta ya telesikopu yotere imatenga madishi awiriawiri n'kuyerekeza nthawi imene mafunde afikira pa lililonse. N'chifukwa chake madishi onse amalumikizidwa ndi zingwe za faiba zokwiriridwa pansi kupita ku nyumba imodzi, kumene kuli mawotchi olondola kuposa wotchi ina iliyonse imene tinaigwirapo. Taonani masamu ake. Mpweya wa hydrogen, umene wadzaza milalang'amba, umatulutsa mafunde otalika masentimita 21. Dishi limodzi la mamita 13.5 likamamvera mafunde amenewa palokha, chilichonse chimene chili m'dera la thambo lotambalala ngati miyezi iwiri yathunthu yogundizana limachimva ngati chinthu chimodzi chosakanikirana. Madishi awiri otalikirana makilomita 8 amasiyanitsa zinthu mwakuthwa kuwirikiza pafupifupi ka 600. Gawani 8,000 ndi 13.5 muone nokha.

Usiku alamu akupeta mpunga ndinabwereka lichero lawo. Ndinaikapo zitsekerero ziwiri za mabotolo, mnzanga atagwira tochi chapatali ngati nyenyezi, ine n'kumazunguza licherolo pang'onopang'ono litapendekeka. Ukayang'ana kuchokera pa tochi, mpata wa zitsekererozo umatembenuka, pena umaoneka wautali, pena waufupi. Dziko ndilo lichero. Likamazungulira, madishi awiri ongoima malo amodzi amapereka mipata yosiyanasiyana, moti ukadikira maola angapo agwira ntchito ya madishi ambiri. Martin Ryle wa ku Cambridge ndi anzake ndiwo anakhwimitsa njira imeneyi, ndipo iye analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1974. Alamu anati, "Basi kuona maso a nkhono n'kudekha," n'kutenga lichero lawo poti madzi anali atawira kale pamoto.

Lachinayi, pa bwalo la sukulu

Dzuwa latuluka, phiri labwerera m'malo mwake. Ana a kalabu alipo 31, koma pofika 2 koloko masana bwalo linali litazunguliridwa ndi ana a pulayimale, anyamata a kabaza ndi mbuzi zingapo.

Muyeso wathu unali wosavuta: sentimita imodzi pabwalo ikuimira mita imodzi ku Karoo. Dishi la mamita 13.5 likhala kambale ka masentimita 13.5, ndipo n'chifukwa chake ku Limbe ndinkasankha timbale ndi rula m'manja ogulitsa akundidabwa. Makilomita 8 akhala mamita 80, okwana bwinobwino m'bwalo la mpira. Kilomita imodzi ya pakati ikhala mamita 10.

Ndisanatulutse mapu ndinawapatsa mbale zonse n'kunena kuti aziyale mwanzeru monga akuonera. Mtsikana wina wa Fomu 3 anatenga utsogoleri, ndipo mphindi khumi zisanathe panali mizere 8 ya mbale 8, mapazi atatu pakati pa iliyonse ndi inzake, yowongoka ngati munda wa tiyi wa ku Thyolo. Inali yokongola, ndipo ndinawauza choncho. Kenaka ndinawaitanira pansi pa mtengo wa mango, ndinajambula mzere m'dothi n'kuikapo miyala inayi, phazi limodzi pakati pa uliwonse ndi unzake. Tinawerenga mipata yonse, mwala uliwonse ndi mnzake aliyense. Inakwana 6, koma wa phazi limodzi unabwera katatu, wa mapazi awiri kawiri, wa mapazi atatu kamodzi. Mipata 6, yosiyana itatu yokha. Ndinati, sunthani miyalayi kuti mipata yonse 6 ikhale yosiyana.

Analimbana nazo kwa nthawi, akukangana, wina kusuntha mwala mnzake n'kuubweza. Panali kamnyamata ka Fomu 1 kopanda juzi, kamene kanali chete chiyambire, manja m'khwapa chifukwa cha kuzizira. Kanagwada, kanasiya mwala woyamba pomwe unali, wachiwiri pa phazi 1, wachitatu pa phazi 4, wachinayi pa phazi 6. Tinawerenga mokweza tonse: 1, 4, 6, kenaka 3, 5, kenaka 2. Kuyambira 1 mpaka 6, uliwonse kamodzi. Anzake anakuwa ngati chagoletsedwa chigoli, ndipo ine khungu linachita tsembwe.

Apa ndinawauza kuti mpata uliwonse uli ngati funso limodzi lofunsa thambo. Ukabwereza mpata womwewo, wafunsanso funso lomwelo, ndipo mafunso ena atsala osafunsidwa. Choipa china n'chakuti madishi akakhala pa mizere yofanana, nyenyezi imodzi imatuluka pachithunzi ndi zinzake zabodza zitandanda m'mbali mwake, ndipo kuchotsa zabodzazo ndi ntchito. Tinawerenganso kuti anthu 64 atati apatsane moni wa pamanja aliyense ndi mnzake kamodzi, moni angakhale angati: 64 kuchulukitsa ndi 63, kugawa pawiri, 2,016. Imeneyo ndiyo mipata ya MeerKAT. Ya madishi 27 a ku New Mexico ndi 351.

Mtsikana uja nkhope inali itagwa. "Sala, ndiye kuti mizere yathu ija ndi yolakwika basi?" Ndinasangalala kuti wafunsa, chifukwa yankho lake ndi ayi. Ku Karoo komweko kuli telesikopu ina yotchedwa HERA, ya madishi a mamita 14 oyalidwa mogundizana ngati zisa za njuchi, osatembenuka, ongoyang'ana kumwamba. Iwo anabwereza mpata womwewo kambirimbiri mwadala, chifukwa akusaka kanong'onong'o kofooka zedi ka hydrogen wa nthawi imene nyenyezi zoyamba zinkayamba kuwala. Nkhani ikakhala yovuta kumva, umafunsa mboni zambiri funso limodzi. MeerKAT imafuna kujambula zinthu zamitundumitundu, n'chifukwa chake imafuna mafunso osiyanasiyana. Anagwedeza mutu, ndipo ndiye anali woyamba kukatola mbale kuti tiyalenso.

Tinakhoma chikhomo pakati pa bwalo, tinamangirira chingwe cha mamita 5 n'kuzunguza, kenaka timbale 48 tinalowa m'katimo motsata mapu amene ndinasindikiza. Madishi awiri oyandikana kwambiri a MeerKAT ali pa mamita 29, ndiye kwa ife anali masentimita 29, rula ya pasukulu kuchotsapo kamodzi. Wina anafunsa chifukwa chake sanawagundanitse. Ndinamuimika kumbuyo kwa mnzake wamtali n'kumuuza kuti ayang'ane nsonga ya mtengo wa kutali. Dishi likaweramira chinthu chimene chili m'munsi mwa thambo, linzake likayandikira kwambiri limalitchinga. Ku ALMA, telesikopu ina ya ku Chile, pa madishi 66 anapangapo 12 ang'onoang'ono a mamita 7 kuti athe kuyandikana kuposa akuluakuluwo.

Ana 16 anathamanga ndi timbale totsala, wina kuseri kwa golo, wina kufupi ndi mpanda wa munda wa ahedi. Mnyamata wina wa Fomu 4 anaima manja m'chiuno. "Sala, ngati otalikirana ndiwo amaona mwakuthwa, bwanji 48 onsewa awaunjika pakati? Osawamwaza onse kutali?" Ndinamulozera Chambe, thanthwe lake likuwala ndi dzuwa la madzulo. Madishi otalikirana okhaokha angakuonetse mng'alu uliwonse wa pathanthwepo, koma phiri lenilenilo osaliona, chifukwa chinthu chachikulu chosalala, monga mtambo wa hydrogen wozungulira mlalang'amba, kwa iwo chimazimiririka. Oyandikana okhaokha angakuonetse phiri ngati chimthunzi cha m'chisisira, chopanda mng'alu ndi umodzi womwe. Pamafunika onse, ndipo a pakatiwo amachuluka chifukwa zinthu zikuluzikulu zofookazo ndizo zovuta kumva. Bambo wina wa kabaza amene ankamvetsera atatsamira njinga anaponyapo mawu: "Komanso la kutalilo lifuna msewu wake ndi waya wake, aphunzitsi. Mafuta amenewo." Sananame.

Mphepo itayamba kugubuduza timbale tinaikamo timiyala. Kenaka tonse tinakwera pa chulu cha kumapeto kwa bwalo, mosinthana, kuti tione kuchokera pamwamba. Timbale tofiira, tobiriwira, tachikasu, ta amayi a m'mudzi ndi ta ku Limbe, gulu pakati, ena apo ndi apo mpaka kumalire. Ndinakhala pachulupo nthawi yaitali kuposa ana.

Lachisanu, m'phiri

Mnzanga anandikakamiza kuti ndisabwerere ndisanakwereko ngakhale pang'ono. Tinanyamuka m'mamawa ndi mnyamata wina woperekeza alendo. Za Dziwe la Nkhalamba sindilemba, zithunzi zake zadzaza kale pa Facebook. Chimene chinandigwira mtima ndi zipsera za namondwe Freddy wa mu March 2023, mikwasa ya miyala yotsika m'phiri mmene munadutsa madzi ndi matope. Woperekezayo ankangoloza ndi ndodo, osanena zambiri, ndipo ife sitinamufunse.

Patatha maola awiri mawondo anga anakana. Tinakhala pa thanthwe tikudya chinangwa chophika ndi mchere, chigwa chonse chili pansi pathu, malata akuphethira m'midzi. Foni inalibe netiweki. Ndinawauza anzangawo kuti ku Karoo bata lotere amachita kulitchinjiriza ndi lamulo la mu 2007, ndipo foni siloledwa kufupi ndi madishi, chifukwa kwa khutu lomvera milalang'amba foni imodzi ili ngati chimkuzamawu cha pa msonkhano.

Kuchokera pamenepo ndinayesa kuyerekeza SKA-Mid, telesikopu yaikulu yatsopano ya ku Karoo komweko, imene anayamba kuimanga mu December 2022. Idzameza MeerKAT: madishi 133 atsopano a mamita 15 kuphatikiza 64 aja, onse pamodzi 197. Pakati adzathinana monga kale, koma kunja adzatuluka m'mikono itatu yopindika ngati chigoba cha nkhono, mpaka awiri a kumapeto kutalikirana makilomita 150, pafupifupi ulendo wochoka ku Limbe kufika ku Mulanje n'kubwereranso. Kupindikako kumathandiza kuti mipata iloze mbali zonse ndipo ikhale ya utali wosiyanasiyana, komanso msewu ndi zingwe zimangotsata mkono umodzi kuchoka pa dishi kufika pa linzake. Pa muyeso wathu wa dzulo, timbale tiwiri ta kumapeto tikanatalikirana kilomita imodzi ndi theka, kunja kwa sukulu, kupitirira chigayo.

Mayiko 8 a mu Africa ndiwo anagwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Kuseri kwa phiri lomweli, ukangowoloka pa Muloza, uli kale m'dziko limodzi la pamndandandawo. Malawi palibe, ndipo zimandiwawa. Ghana inatenga dishi lakale la matelefoni la mamita 32 ku Kuntunse n'kulisandutsa telesikopu, inatsegulira mu 2017. Dishi limodzi lokha likawonjezeka pa gulu la 64 limabweretsa mipata 64 yatsopano, ndipo likakhala kutali mipatayo imakhala yoti panalibe wina akanaipereka. Ndinkaganiza zimenezi ndikuyang'ana kumadzulo, cha ku Ndata kumene kuli yunivesite ya MUST, ndikuganizanso za kamnyamata kopanda juzi kaja.

Potsika ndinaterereka kawiri. Woperekezayo anandidulira ndodo, ndipo m'malo otsetsereka kwambiri ankayenda patsogolo panga kuti ndigwire phewa lake.

Loweruka, pobwerera

M'mawa tabweza timbale 26 khomo ndi khomo. Ka agogo ena kanang'aluka m'mphepete, ndiye ndinawapatsa tanga tiwiri. Anakana kaye, kenaka analandira ndi manja awiri n'kundipatsa chinanazi. Totsalato ndasiyira kalabu, pamodzi ndi tepi ndi mapu.

Ndikudikira njinga pamphambano, kamnyamata kaja kanatulukira kakuthamanga, pepala long'ambidwa m'kope lili m'manja. Kayesa miyala isanu: 0, 1, 4, 9, 11. Mipata yonse 10 ndi yosiyana, koma wa 6 ukusowa, ndipo akuti kayesa mpaka tochi kutha mabatire osaupeza. Ndinakauza kuti akatswiri a masamu anatsimikiza kale kuti miyala ikaposa inayi, mipata ikakhala yosabwereza, wina umadumphidwa ndithu. Kanandiyang'ana mosakhutira. "Ndikayesabe mawa tikaweruka ku tchalitchi, Sala."

Pano ndili mu minibasi pa Chitakale, yodzera ku Midima, K8,000, chinanazi chili pamiyendo pamene panali thumba lija. Ndatulutsa pepalalo n'kuwerenganso mipata yake kawiri ndi cholembera, ndipo 6 palibedi. Kondakitala akuti kwatsala anthu awiri okha.